Chigoba cha Mphini Zitatu

Coy Maddox anafa atagwira unyolo wa geti la khola lake. Chipolopolo chinalowa pachifuwa, n'kutulukira kumsana, n'kukakhazikika munsanamira ya getilo. Pamene ndinkafika dzuwa linali litangosuzumira, chisanu chikadali mbuu paudzu, ndipo ng'ombe zake zinali zitaima chapatali kudikira chakudya.

Ine ndine Nadine Rusk. Ndagwira upolisi kuno ku Montana zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ndikaona mtembo sindichedwa kudziwa komwe imfa yachokera. Apa panalibe chovuta. Dziko lonse lozungulira khola la Coy ndi lathyathyathya ngati tebulo, kupatula kaphiri ka miyala chakum'mawa. Munthu wofuna kubisala analibe kwina kogona.

Mkazi wa Coy, Darla, anali atakhala pakhonde atafunda jekete la mwamuna wakeyo. Sankalira.

"Munamva kulira kwa mfuti kangati, mayi?"

"Kamodzi."

"Nthawi yanji?"

"Nthawi yomwe amatsegula geti. Tsiku lililonse ndi imodzimodziyo, isanakwane seveni. Munthu akanatha kutchera wotchi pa iye."

"Munaona munthu? Galimoto?"

Anapukusa mutu. Potero tsitsi linasuntha, ndipo ndinaona chipsera chakale pamwamba pa diso lake. Iye anaona kuti ndaona, n'kukokera tsitsilo pamalo pake.

Ndikadali pomwepo, wailesi ya m'galimoto inalira. Anali bwana wanga, Sherifu Dunphy, ali pamwamba pa kaphiri kaja.

"Nadine, kwera kuno. Mlandu watha."

*

A Dunphy ndi munthu wabwino, koma anachokera mumzinda, ndipo zipolopolo amagula m'sitolo ngati shuga. Ndinawapeza ataima pafupi ndi mwala waukulu akumwetulira. Patsinde pa mwalawo panali chigoba cha chipolopolo, chamkuwa, chitagona poyera ngati wina wachiyanika. Kabatani ka kumbuyo kwake, komwe kamayatsa onga, kanali kopakidwa utoto wabuluu.

Boma lonse lino limaudziwa utoto umenewo. Ndi wa zikhadabo, wa malemu akazi a Orrin Haugen, ndipo madalawo amapaka pa chipolopolo chilichonse chomwe apanga.

"Ndi a Orrin," anatero a Dunphy. "Coy anawatsekera njira yopita kubwalo lowombera, mwezi watha anawaphera galu, ndipo anthu khumi anawamva akunena kuti tsiku lina munthu adzam'wombera pageti lake lomwelo. Ukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna ndidziwe chifukwa chomwe anachisiyira."

"Mantha. Munthu ukapha umathawa."

Sindinawatsutse pamaso pa anzathu, koma mumtima ndinaseka. Bambo anga ankadzipangira okha zipolopolo, ndipo ine ndinakulira pansi pa tebulo lawo. Kuno munthu wofuna kulasa pomwe wayang'ana sakhulupirira za m'sitolo. Amatenga chigoba chomwe wawombera kale, amachitsuka, amachiwongola, amayeza onga pasikelo kambewu ndi kambewu, kenaka amakhazika mutu watsopano. Amayesa, amasintha, amayesanso, mpaka mfutiyo itavomera. Chigoba chomwe chazolowerana ndi mfuti yake sachitaya. Dzanja limachiwakha lokha chisanagwe pansi, mwini wake osadziwa n'komwe. A Orrin akanatha kuiwala buluku paphiripo, koma osati chigoba.

Ndinayeza mtunda kuchokera pamwalawo kukafika pageti: mayadi 640. Kenaka ndinanyamula chigobacho n'kuchinunkhiza. Fungo la onga linalimo, koma lozilala, lakale.

Pofika teni koloko, a Orrin anali ali m'chitokosi.

*

Ali ndi zaka 76, ndipo mtima wawo umayendera mankhwala. Ndinawapeza atakhala pabenchi, chipewa chili pamaondo. Anali mnzawo wa bambo anga, ndipo mpaka lero sanditchula dzina.

"Mwana wa Rusk, wabwera kudzandiona m'khola?"

"Ndabwera kudzakutulutsani, madala, mukandithandiza. Munali kuti m'mawa uno?"

"Pabedi. Manja angawa sagwira kanthu dzuwa lisanafunde. Ngakhale kapu imandipulumuka."

"Alipo anakuonani?"

"Galu wanga akanandiona. Kafunse Coy komwe anam'siya."

"Musamayankhule choncho muno. Makoma ali ndi makutu."

"Ndinam'da ali moyo, ndiye ndiyambe kum'konda lero? Koma ine sindinam'phe. Ndikanafuna, ndikanapita pakhomo pake ndi ndodo."

Ndinatulutsa chigoba chija m'kathumba ka pulasitiki n'kuwapatsa atavala magolovesi. Anachiyandikitsa kumaso, akadali ndi nkhope yaukali. Kenaka anayendetsa chala m'mphepete mwa tsinde lake, pomwe amatema mphini imodzi ndi tupa nthawi iliyonse akachidzazanso. Chalacho chinazungulira kamodzi. Chinazunguliranso kachiwiri, pang'onopang'ono. Ukali wonse uja unatha, ndipo anaoneka wokalamba kuposa mmene ndinawapezera.

"N'changa," anatero.

"Zimenezo ndikudziwa. Chinafika bwanji paphiri paja?"

"Ndati n'changa."

"Madala, mukudziwa chomwe mawu amenewa akuchita?"

"Ukalembe choncho."

Anandibwezera chigobacho n'kutembenukira kukhoma. Ndinawapempha, ndinawakalipira, ndinatchula bambo anga. Sanatembenuke.

A Dunphy anali kumvetsera kuseri kwa chitseko. "Wamva wekha. Mawa m'mawa akupita kundende yaikulu, akakadikire mlandu kumeneko."

Kundende yaikulu munthu wa mtima ngati umenewo samaliza nyengo yozizira. Ndinakwiya, ndipo sindinabise.

"Bwana, galu wamkota sakandira pachabe. Madala aja aona kanthu pachigobachi. Ndipatseni mpaka dzuwa kulowa."

"Mpaka dzuwa kulowa. Likalowa ndikusaina."

Bokosi la zipolopolo za a Orrin linali kale patebulo langa, anzathu atalitenga kunyumba kwawo. Lili ndi malo makumi asanu. Ndinawerenga: zipolopolo 49, zonse zodzaza, malo amodzi opanda kanthu. Kwa a Dunphy umenewu unali umboni winanso. Ine ndinazitulutsa chimodzichimodzi n'kuwerenga mphini. Chilichonse chinali ndi zisanu.

Cha kuphiri chija chinali ndi zitatu.

*

Munthu wopanga zipolopolo zolasa patali amayendetsa zigoba zake pamodzi ngati ng'ombe za khola limodzi. Zimawombedwa limodzi, zimatsukidwa limodzi, zimadzazidwa limodzi. Chigoba cha mphini zitatu chinasiyana ndi zinzake kalekale, pamene zonse zinali ndi zitatu. Funso linali lakuti chinasiyana nazo liti, ndipo wodziwa zimenezo m'tauni muno ndi mmodzi.

Twila Beasley ali ndi lesitilanti pafupi ndi positi, ndiponso ndiye amalemba mayina pamipikisano ya kalabu yowombera. Pakamwa pake sipapuma.

"Khala pansi iwe, ukuoneka ngati wameza mwala. Khofi nayu. Zoona amanga a Orrin? Koma bwana wakoyo mutu wake umagwira? Munthu wolephera kumanga mabatani a malaya m'mawa! Udya mazira?"

"Twila, a Orrin anatayapo chigoba chaka chino?"

Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Ukufunsa ine? Mpikisano wa mu Meyi uja. Madala aja anaimitsa zonse. Anthu makumi atatu, ena ochokera kutali, tonse matako m'mwamba kusaka kamkuwa kamodzi muudzu. Mbusa wa tchalitchi chathu anang'amba buluku. Ola lathunthu, osachipeza. Mpaka lero akabwera muno amadandaula kuti bokosi lawo lili ndi gweru."

Mfuti zathu zimalavulira chigoba kudzanja lamanja. Chikapulumuka m'dzanja la mwini wake, chimagwera kwa amene akuwombera atagona mbali imeneyo.

"Anagona kumanja kwawo ndani tsiku limenelo?"

"Ameneyo sindichita kuyang'ana m'kaundula. Chaka ndi chaka ndi mmodzi yemweyo, Lyman Pruitt. Angalole kugona kwina? Ali ngati mwana wawo uja. Bambo ake atafa anam'tenga ndi a Orrin, anam'phunzitsa zonse, sikelo yoyamba anam'patsa ndi iwo. Ndiye amene anasaka kwambiri tsiku lija, mpaka thukuta."

Lyman ndinaphunzira naye sukulu. Amakonza mapampu a madzi m'mafamu, sanakwatire, ndipo sindinamumvepo akukweza mawu.

"Wabwera muno lero?"

"Hafu seveni, ngati masiku onse. Mazira awiri, buledi wowotcha. Anadya zonse." Anaima kaye, n'kundiyang'ana cham'mbali. "Iwe, ukufunsiranji za Lyman?"

"Ndikufunsa za aliyense. Pali chachilendo chomwe waona kwa iye?"

"Ine za anthu sindinena, umandidziwa." Anakokera mpando pafupi n'kutsitsa mawu. "Koma mu Ogasiti, Coy atam'phwanya Darla pachipumi, anam'tengera kuchipatala ndi Lyman. Mlamu wanga anam'peza panja, ali m'galimoto, maola anayi, manja ali pachiwongolero, akungoyang'ana kutsogolo. Darla uja Lyman anam'funsira kale, Coy asanabwere. Aliyense amadziwa."

"China?"

"Nkhandwe zam'sautsa, basi. Ndikamabwera kudzatsegula muno ndimadutsa pa dzenje lake lokumba miyala lija. Masabata awiri onsewa, kukangoyera, mfuti phu. Kamodzi kokha. Mawa lakenso, phu. Ndinati nkhandwe zake n'zaulemu bwanji, zobwera imodziimodzi."

Ndinaika kapu pansi. Onga wopimira mpikisano wa masana otentha sulasa chimodzimodzi m'mawa wa chisanu, ndipo chipolopolo choyamba chotuluka mumpope wa mfuti wozizira chimakhala ndi njira yakeyake. Wofuna kuidziwa njira imeneyo alibe chidule. Amawombera kamodzi m'mawa, n'kudikira mawa. Mlenje wa nkhandwe sadzivutitsa choncho. Amadzivutitsa choncho ndi munthu amene akudziwa kuti adzakhala ndi mpata umodzi wokha.

"Lero unamva?"

Twila anakankhira mpando kumbuyo.

"Lero ayi," anatero.

*

Ndinafika kwa Lyman cha m'ma fili koloko. Anali m'shedi yake kuseri kwa nyumba, ndipo anatuluka akupukuta manja.

"Nadine. Ndamva za madala. N'zamanyazi zimenezi. Lowa, kunja kukuzizira."

Shedi ya Lyman ndi yaudongo kuposa chipatala. Sikelo ili m'kabokosi ka galasi kuti mpweya usaigwedeze. Zida zonse zili pamzere. Mfuti yake ya mpikisano inali pachoikapo chake pakhoma, ndipo ndinakaima pakati pa iyo ndi mwini wake ngati ndangofuna kuisirira. Ndi ya mtundu umodzi ndi ya a Orrin, monganso theka la mfuti za kukalabu.

"Ikulasabe bwino?"

"Sindinaikhudze chichokereni mpikisano wa mu Seputembala. Ntchito yachuluka, mapampu akuuma ndi chisanu."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi. Nunkhiza mpope ngati ukufuna."

"Ndikudziwa kuti ndi woyera. Iwe ungagone mfuti ili yakuda? M'mawa uno unali kuti?"

"Kuno, kenaka kwa Twila. Kafunse."

"Ndafunsa. Wati mazira unamaliza."

Anamwetulira. Ankayankha mosathamanga, akundiyang'ana m'maso, ndipo ndikanakhala a Dunphy ndikanam'pepesa n'kutuluka. Koma chilowereni m'shedimo khutu langa linali kwina. Pansi pa tebulo panali makina otsukira zigoba, chimphika chonjenjemera chodzaza ndi zitsononkho zoperapera, ndipo ankalira. Ndinakula ndi phokoso limenelo. Mukakhala zigoba zambiri limamveka ngati mvula padenga la malata. Awa ankangong'ung'udza, kenaka patapita kanthawi, ke. Kung'ung'udza, ke.

"Ukutsuka chiyani, Lyman?"

"Zakale."

"Zingati?"

"Sindinawerenge."

"Iwe? Kusawerenga?" Ndinaseka. "Unkawerenga nandolo m'mbale kusukulu. Zimitsa tione."

Sanasunthe. Ndinawerama, diso limodzi lili pa iye, n'kuzula chingwe cha magetsi. Shedi yonse inati zii. Ndinavala golovesi, ndinapisa dzanja m'zitsononkhomo, ndinavundula mpaka pansi. Munali chigoba chimodzi chokha, chofunda, chonyezimira.

Patebulo panali bokosi lake lobiriwira. Ndinalitsegula ndi chala. Zipolopolo 49, zodzaza, ndi malo amodzi opanda kanthu pakona.

"Mfuti sinawombe chichokereni Seputembala," ndinatero, "koma chigoba chimodzi chikusamba lero."

"Ndinawombera nkhandwe. Ndinaiwala."

"Chabwino. Mutu wa chipolopolo tauchotsa munsanamira ya geti la Coy, ndipo sunaphwanyike kwambiri. Mpope uliwonse umasiya mizere yake. Tiutumiza kwa akatswiri pamodzi ndi mfuti ya madala ndi yakoyi, akatiuze kuti nkhandweyo inali ndani. Zitenga milungu itatu. Pofika nthawi imeneyo a Orrin adzakhala atagona milungu itatu pasimenti ya kundende yaikulu. Mtima wawo ukuudziwa kuposa ine."

Anayang'ana chigoba chili m'dzanja langa. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakoka mpando n'kukhala, manja ali pamaondo pomwe ndimatha kuwaona.

"Akanam'pha Darla," anatero. "Chaka chino kapena chamawa. Inu apolisi munapitako kangati? Kanayi? Munkamwa khofi n'kubwerera."

Zinali zoona, ndipo zinandiwawa. Kawiri mwa kanayiko ndinapita ndine, Darla n'kunena kuti anagwa pamasitepe.

"Darla akudziwa?"

"Sadziwa kanthu. Usam'khudze."

"Nanga madala anakulakwira chiyani?"

"Chigoba chija chinagwera m'chipewa changa mu Meyi. Ndinachipeza nditafika kunyumba. Ndinkati ndikawabwezere patsiku lawo lobadwa, tiseke. Kenaka anayambana ndi Coy, anthu onse akumva. Ndinaganiza kuti khoti silingamange munthu wa manja otere. Ndinati awasunga masiku awiri, awamasula, nkhani izilala."

"Unaganiza bwino zonse. Masabata awiri pachisanu, kuyesa onga, kudikira mawa. Ndiye tandiuza chimodzi, Lyman, chifukwa ine chikundizunguza mutu. Pobwera kuno unawoloka mtsinje. Unadutsa zitsime zitatu. Bwanji sunachiponye ichi m'madzi?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chomwe munthu saponyera mwana wake mumtsinje.

"Ndinaima pamlatho," anatero. "Ndinachitulutsa m'thumba. Koma Nadine, zimenezi ndinasankha pa zigoba mazana atatu. Ndinayeza chimodzichimodzi pasikelo, nyengo yozizira yonse yatha ija, kuti ndipeze makumi asanu zolemera mofanana. Zoterezi sizipezekanso. Ndikanatsala ndi 49."

Ndinam'manga manja kutsogolo. Sanalimbane. Potuluka anandipempha kuti nditseke bokosi lija, fumbi lingalowe.

*

Dzuwa linali likadali pamwamba pa denga la positi pamene ndinaika chigoba ndi bokosi patebulo la a Dunphy. Anamvetsera zonse, anakanda m'mutu, kenaka anandipatsa makiyi osanena kanthu. Ndimawalemekeza pa chimenecho.

A Orrin anali pabenchi pomwe paja. Mbale ya chakudya chamasana inali pambali, yosakhudzidwa.

"Nyamukani, madala. Mukupita kwanu."

Sanadzuke. "Ndani?"

"Mukum'dziwa. Munam'dziwa m'mawa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chala chitangowerenga zitatu. Kumanja kwanga kwagona munthu mmodzi zaka makumi awiri ndi zisanu."

"Ndiye munkafuna kukafera kundende chifukwa cha munthu wokutcherani msampha? Mukanandiuza m'mawa, bwenzi nkhomaliro mutadyera kwanu."

"Sindinkafuna kufa ayi. Ndani amafuna?" Anazunguliza chipewa m'manja. "Ndinati ndim'patse tsiku limodzi. Mwana uja ndam'lera ine. Ndinati akamva kuti ndili muno sapirira. Alowa pakhomo apo n'kunena kuti, madala tulukani, ndine. Ndikanam'khululukira zonse. Ndikanagulitsa munda kum'pezera loya."

"Akanapanda kubwera?"

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, ndipo ndinaona kuti tsiku lonse ankadikira kufunsa chinthu chimodzi.

"Mwana wa Rusk, undiuze zoona. Wabwera yekha, kapena wachita kukam'tenga?"

Ndikanatha kunama. Palibe akananditsutsa, ndipo Lyman mwiniyo akanakondwa. Koma madala amenewa sananamizepo munthu ngakhale pa kambewu kamodzi ka onga, ndipo ndinaona kuti sindingayambe ine kuwanamiza.

"Ndachita kukam'tenga."

Anavala chipewa n'kugwira khoma kuti aimirire, koma maondo anakana. Anayesanso, anakananso. Munthu amene sanalolepo kugwiridwa dzanja pokwera galimoto anatambasulira mkono kwa ine.

"Ndidzutse," anatero. "Ndipo unditulutsire khomo lakumbuyo. Sindikufuna mwana uja andione, angachite manyazi."